Chithunzi Chopanda Kumbuyo

Nachithunzi anatsegula situdiyo yake m'mawa umenewo chifukwa choti manja anazolowera, osati chifukwa choti anali ndi mtima wa ntchito. Mumtima munangoti zii. Chimwalirire mng'ono wake Lachiwiri lija, msozi ndi umodzi womwe unali usanagwe, ndipo azimayi a pamaliro anali atayamba kumuyang'ana cham'mbali. Iye analibe nazo ntchito.

Mng'ono wakeyo, amene kunyumba ankangomutchula kuti Mzime, anapezeka ali kwala m'chipinda chake chogona, atamenyedwa kunkhongo ndi chinthu cholemera. Mlongo wawo, kalipentala wodziwika ndi mowa kuposa mipando, anali m'chitokosi cha apolisi, akuti ndi amene anachita zimenezo. Pa ana atatu a bere limodzi, wina anali ku mochale, wina m'chitokosi, wachitatu akupukuta fumbi pa kompyuta. Dzina loti Nachithunzi anamupatsa ndi anthu a mumsewumo, poti m'dera lonselo munalibe nkhope imene sinaimepo patsogolo pa kamera yake.

Woyamba kulowa anali mlamu wake, mwamuna wa malemuyo. Anali munthu waukhondo, wa mawu ofewa, wogulitsa nsapato ndi zikwama pa intaneti. Ngakhale pa tsiku ngati limenelo shati yake inali yosita.

"Alamu, mwadzuka bwanji?"

"Tadzuka."

"Ndabwera nacho chithunzi chija amalirira amayi dzulo."

Dzulo lake mayi awo analira mpaka mawu kusasa, akuti pabokosi la mwana wawo pakhale chithunzi choti akuseka. Zamanyazi zake, Nachithunzi amene anajambula dera lonse analibe chithunzi chotero. Mzime ankathawa kamera chiyambire ali mwana. Anthu atangoti chete, mlamuyu ndi amene anaimirira pagulu n'kunena kuti iye ali nacho chokongola kwabasi. Azimayi anagwedeza mitu, amvekere mwamuna wachikondi ndi ameneyu.

Mlamuyo anaika patebulo fulashi, kachipangizo kosungiramo zinthu za pakompyuta. "Kumbuyo ndachotsa kale. Kunali zovala mbwee, zosayenera kuonedwa ndi anthu. Ndati ndikupeputseni ntchito, inu mungoikako maluwa kapena mitambo. Ndipo onani, ndabweretsa failo yeniyeni, monga mumanenera muja. Paja mumati zotumiza pa foni zimaphwanyika."

"Munajambula liti?"

"Aa, ndi kale, alamu. Chaka chatha, ngati sindikulakwitsa. Ndibwera masana kudzatenga."

Atatuluka, Nachithunzi anatsegula failo ija m'pulogalamu yaulere, yofanana ndi imene iye mwini anamuikira mlamu wakeyo pa laputopu, masiku amene ankamuphunzitsa kudula zithunzi za nsapato kuti zizioneka bwino kwa ogula. Mzime anatulukira pa sikirini ali mwee. Kumbuyo kwake kunalibe khoma, kunalibe zenera, kunalibe chilichonse, koma timabokosi totuwa ndi toyera tokhatokha, tija pulogalamuyo imaonetsa pamalo pamene palibe kanthu.

Anayang'ana nkhopeyo ndipo sanamve kanthu. Maso ake anathawira kuntchito: m'mphepete mwa mapewa, m'mipata ya zala, m'tsitsi. Mlamu anali atadula bwino ndithu. Kenaka dzanja lake linaima pa mausi ya kompyuta.

Mzime anali ndi tsitsi loluka, timizere ting'onoting'ono tokhotera kumanzere, tothera m'timikanda tofiira. Nachithunzi anakulitsa chithunzicho. Khungu la m'mbali mwa chipumi linali lokokeka, mafuta akadali phuliphuli, monga zikhalira munthu akangodzuka pampando wa woluka. Tsitsi limenelo iye anali ataliona kamodzi kokha, ku mochale, atamuvundukulira nsalu.

Chaka chatha Mzime anali wometa.

*

Mayi wa saluni ya pafupi ndi kwa Mzime anangoti kuona chithunzicho pa foni, chipeso chinagwa.

"Mayo ine! Ndi manja angawa, asisi, ndi manja angawa! Lachiwiri lomwelo m'mawa. Anabwera ndisanatsegule n'komwe, ndinamupeza atakhala pakhondepo. Sitayilo imeneyi ndinali ndisanalukepo munthu, ndinangoiona m'magazini, ndiye ndinati iwe mutu wako ndi wabwino, tiye tiyesere pa iwe. Timikandato ndinachita kumusankhira ndine. Ine kumva madzulo kuti wapita, miyendo inazizira, mpaka lero sindikudya, funsani anzangawa."

"Anachoka nthawi yanji?"

"Dzuwa lisanafike pamutu. Anali pachangu. Akuti akufuna akalongedze bambo wa kunyumba asanabwere ku ulendo wawo." Mayiyo anatsitsa mawu, koma kutsitsa kwake kunali koti ndi wapakhomo yemwe ankamva. "Paja inu mukudziwa."

"Ndikudziwa chiyani?"

"Kuti amabwera kwa inu. Ndi sutikesi. Akuti watopa, akakhala kaye kwa asisi ake, ndipo akufuna afike akuoneka ngati munthu. Kodi sanakuuzeni?"

Nachithunzi anayang'ana tsitsi lodulidwa limene linali pansi. Mzime sanamuuze. Mwina ankadziwa kuti kwa mkulu wake sikufunika kugogoda. Mawuwo analowa m'khutu, n'kukakhala penapake pamene sipankapweteka.

"Apolisi anakufunsani?"

"Ine? Wapolisi n'kufunsa za tsitsi? Amuna, asisi, ukhoza kuluka mutu wonse ndi waya, iwo n'kukufunsa ngati wagula diresi latsopano."

*

Neba wa Mzime anali bambo wopuma pantchito, woonda, wa magalasi omanga ndi ulusi. Anamulandirira pageti, getilo osatsegula lonse.

"Pepani ndi zovutazi, mayi. Koma ine za maumboni sindifuna. Zonse ndinanena kale."

"Munanena zotani?"

"Zimene ndinaona. Mlongo wanu analowa chakumasana akudzandira, chikwama cha zipangizo chili paphewa. Pasanapite nthawi anatuluka akukuwa, shati ili magazi okhaokha. Basi."

"Nanga mlamu wanga?"

"Amenewo anachoka Lamulungu, ndinawaona ndi maso angawa. Anandipatsa moni, akuti akupita kukaoda katundu. Ndi munthu waulemu."

Nachithunzi anamuonetsa chithunzi chija. "Munamujambula ndinu?"

Bamboyo anatulutsa kafoni ka mabatani m'thumba n'kukakweza m'mwamba ngati kakuyankhira. "Aka kamangodziwa kulira."

"Tsiku limenelo kunabweranso wina?"

"Pageti lakutsogolo ayi." Anakonza magalasi ake. "Khomo lakuseri limatulukira kukanjira ka zinyalala. Kumeneko ine sindiona."

"Simunamve kalikonse?"

Bamboyo anayang'ana kumsewu, uku ndi uku. "Mawu a mwamuna ndinawamva. Kenaka wailesi inakwezedwa kwambiri, zimene mayi aja sankachita. Kenaka zii."

"Mlongo wanga atalowa kale?"

"Ayi. Kukadali nthawi. Ndinali ndisanaike ndi madzi a tiyi pamoto."

"Ndiye bwanji simunawauze apolisi?"

"Anandifunsa amene ndinamuona, mayi. Sanandifunse zimene ndinamva. Ine ndinagwira ntchito ya m'maofesi moyo wanga wonse, ndinaphunzira kuyankha chimene wafunsidwa." Anakankha geti pang'onopang'ono mpaka linatsekeka.

*

Sajeni amene ankafufuza nkhaniyo anali bambo wonenepa, wa maso otopa, wosakonda kubwereza mawu. Anamumvetsera Nachithunzi mpaka kumapeto, kenaka anapukusa mutu.

"Mayi, mlamu wanu tinamufufuza. Tikiti ya basi ali nayo. Mnzake wa kumene amaoda katundu walumbira kuti anali naye masiku onsewo. Mlongo wanu ndiye tinamupeza ndi magazi, hamala ili m'chikwama, ndipo sabata yatha anthu anamumva akutukwana malemuwo pamsewu. Mawa akaonekera kukhoti."

"Kalipentala aliyense amayenda ndi hamala."

"Koma si aliyense amayenda ndi magazi a mlongo wake."

"Nanga chithunzichi? Akuti n'cha chaka chatha, pamene tsitsili n'la Lachiwiri."

"Mwamuna wofedwa amasokoneza masiku. Mwina mkaziyo anadzijambula yekha n'kumutumizira."

"Manja ake onse awiri akuoneka. Wina anagwira foniyo."

Sajeni anayang'ananso, nthawi ino motalikirapo. Kenaka anamubwezera foniyo. "Wina, inde. Koma ndani? Kuti? Munthuyu wangoima m'malere. Chithunzi chopanda kumbuyo sichingandiuze kanthu. Mukapeza chogwirika, nambala yanga ndi iyo pakhomapo."

Anamulola kuti amuone mlongo wake kwa kanthawi. Kalipentalayo anali atakhala pansi m'kona, atavala malaya a eni, milomo itauma. Mowa unali utatha m'thupi, ndipo chotsala chinali chomvetsa chisoni.

"Asisi."

"Wadya?"

"Ndinapita kukapepesa, asisi. Za kutukwana zija. Ndinamwa pang'ono kuti ndilimbe mtima. Ndinamupeza pansi. Ndinamunyamula. Nanga ndikanamusiya pansi?"

"Ndamva."

"Koma pena mutu sukugwira. Akuti ndinalowa, tinakangana, ndinatulutsa hamala. Akanena kambirimbiri ndimayamba kuziona." Anayang'ana zikhatho zake. "Akuti ndikavomera, chilango chichepa. Asisi, mwina ndine."

Nachithunzi anagwira chitsulo cha chitseko. Chinali chozizira, ndipo kuzizirako ndi kokhako kumene anamva.

"Usavomere kanthu mpaka ndibwere."

"Mubwera?"

Wapolisi wa pakhomo anali atayamba kale kugwedeza makiyi.

*

Nachithunzi anabwerera ku situdiyo chifukwa kunalibe kwina kopita. Chogwirika analibe. Anali ndi mawu a mayi wolongolola, mawu a bambo wamantha, ndi chithunzi chimene mayi ake ankachidikira kuti chikakhale pabokosi. Anakhala pampando n'kuyamba ntchito, poti ntchito siifunsa ngati uli ndi mtima.

Anasankha mitambo yoyera yoti aike kumbuyo. Asanaiike anayendanso m'mphepete mwa chithunzicho monga ankachitira nthawi zonse, ndipo paphewa lamanzere anapeza cholakwika. Mlamu podula anadya kamkanda kamodzi, kamzere ka tsitsi kanangothera m'malere. Munthu wina sakanaona, koma Nachithunzi sakanalola kuti mng'ono wake apite ndi tsitsi loduka.

Kubwezeretsa sikunali kovuta. Lamulo loyamba limene ankaphunzitsa aliyense wogwira pulogalamuyo linali limeneli: osafufuta, uziphimba. Ukafufuta n'kulakwitsa, walira. Koma ukaika chophimba pamwamba, pamaoneka ngati palibe kanthu pamene zonse zikadali pansi pake, ndipo ukadya chingwe cha nsapato umangochibweza. Mlamu wake anali wophunzira womvera. Anaphimba monga anaphunzitsidwira, mpaka manja ake anaiwala kuti akuphimba, mutu n'kumaganiza kuti akufufuta.

Anatenga burashi ya m'pulogalamumo n'kupaka pang'ono paphewapo. Kamkanda kanabwerera. Pambali pake panatulukanso kachidutswa ka thabwa lofiirira, lopaka vanishi.

Thabwalo ankalidziwa. Inali wadilopu imene mlongo wawo anamukhomera Mzime polowa m'banja, ya galasi lalitali pachitseko.

Sanapakenso. Anangodina pa chophimbacho n'kuchizimitsa chonse.

Timabokosi tija tinazimiririka, chipinda chonse n'kubwerera. Bedi linali pomwepo, zovala zili mbwee monga ananenera mlamu. Pabedipo panali sutikesi yotsegula, yodzaza theka. Dzanja lamanja la Mzime, limene poyamba linkaoneka ngati langotambasuka mwachisangalalo, linali litagwira chivundikiro cha sutikesiyo, likuchikankhira pansi. Ndipo m'galasi la wadilopu, kuseri kwa phewa lake, munaima mwamuna wa shati yosita, foni ili m'manja, thupi lake litatseka khomo la chipindacho. Nkhope yake inkaoneka bwinobwino. Iye sankaseka.

Nachithunzi anayang'ananso kumwetulira kwa mng'ono wake. Tsiku lililonse iye ankauza anthu kuti sekani, ndipo ankadziwa kusiyana kwa kuseka ndi kuonetsa mano. Mzime ankaonetsa mano. Maso ake sanali pa foni, anali pa khomo.

Anaimba nambala ija ya pakhoma. Analankhula mawu ochepa, osanjenjemera. Kenaka anaika pepala lalikulu m'pulinta.

*

Sajeni anafika msanga kuposa mmene thupi lake linkalonjezera. Anaima kutsogolo kwa sikirini nthawi yaitali, chipewa chili m'manja. Atamva mapazi pakhonde, analowa kuseri kwa nsalu yabuluu imene anthu ankaima patsogolo pake pojambulitsa, n'kukhala pa kampando ka pamenepo.

Mlamu analowa atanyamula felemu yatsopano, ya m'mphepete mwagolide.

"Alamu, ndagula iyi. Ndati mkazi wanga asapite m'felemu wamba. Zatheka?"

"Zikutuluka."

Pulinta inali kukoka pepala pang'onopang'ono, ikulira monga mwa masiku onse. Mlamu anaima pambali pake, manja kumbuyo, ngati munthu wodikira basi. Poyamba panatuluka denga la chipinda. Iye anapendeketsa mutu.

"Mwaikako chiyani kumbuyoku? Ndimayesa tinati mitambo?"

Panatuluka pamwamba pa wadilopu, kenaka timizere ta tsitsi, kenaka chipumi cha Mzime. Pambali pake, m'galasi, panayamba kutuluka mutu wa munthu wina.

Felemu ija inagwa, galasi lake n'kusweka.

"Mwachitenga kuti chimenechi?"

"Mwabwera nacho ndinu m'mawa."

"Bodza!" Mawu ofewa aja anali atapita. "Ndinachotsa! Ndinakhala pansi ndekha, ndinafufuta zonse, galasi lomwe, sutikesi yomwe! Panalibe kanthu, ndinaona ndi maso anga!"

"Munaphimba, alamu."

Mlamu anatambasula dzanja kuti akhwatule pepalalo, koma nsalu yabuluu inagwedezeka, ndipo dzanja lina lonenepa linamugwira pamkono.

"Lisiyeni limalize kutuluka, bambo," anatero Sajeni. "Ine ndimayesa Lachiwiri munali kooda katundu. Tiyeni mukandifotokozere bwino za ulendowo, pamodzi ndi mnzanu wolumbira uja."

Mlamu anatsegula pakamwa, koma fisi akagwa m'mbuna salankhula. Anangoyang'ana Nachithunzi ngati kuti wamulakwira ndi iyeyo. Nachithunzi anamuyang'ananso, akudikira kuti mwina mkwiyo ubwera, kapena chidani, kapena chilichonse. Sikunabwere kanthu. Anatenga tsache n'kuyamba kusesa magalasi.

Ali pakhomo, Sajeni anatembenuka. "Mayi, fulashiyo ndi pepalalo nditenga. Inu pitani kunyumba mukatenge shati yoyera. Mlongo wanu asatuluke ndi malaya a eni."

*

Mapepala a apolisi sathamanga, ndipo dzuwa linali litapendeka pamene chitseko cha chitokosi chinatseguka. Kalipentala anatuluka akuphethira, atagwira buluku m'chiuno poti lamba anali asanamubwezere. Ataona mlongo wake wamkuluyo anaima patali, ngati akuopa kumudetsa.

Nachithunzi anamupatsa shati ija. Iye anailandira, koma sanaivale.

"Akuti ndizipita."

"Eya. Tiye kunyumba, amayi akudikira."

"Akuti agwira alamu."

"Eya."

Kalipentala anayang'ana zikhatho zake, n'kuzitembenuza, n'kuziyang'ananso.

"Asisi, ndiye kuti si ine?"

Nachithunzi anafuna kuyankha mwachidule, monga ankayankhira aliyense chiyambire Lachiwiri. Koma chinthu chija chimene chinakhala phee mumtima masiku onsewo chinasuntha. Chinapweteka kwambiri moti anagwira khoma. Anamukoka mlongo wake n'kumukumbatira pomwepo, pamaso pa apolisi ndi anthu odzadandaula za njinga zobedwa, ndipo kulira kwake kunamveka mpaka kumsewu.

"Si iwe," anatero. "Iwe unangomunyamula."